Masamba pa msewu wa ku Mwanza

Tinanyamuka ku Blantyre dzuwa litangotuluka, m'mwezi wa Juni, kukuzizira koti zala zinkakana kugwira chiwongolero. Thiraki inali itasenza tiyi wopita ku doko la Beira, ndipo woyendetsa ndinali ine. Laisensi ndinali nayo, koma ntchito inali isanakhale yanga. Abwana anati ndiyende kaye ulendo umodzi ndi dalaivala wawo wamkulu, a Zuze, ndipo zimene mkuluyo akanene pobwera ndizo zidzandilembetse kapena kundibweza kumudzi.

A Zuze anali bambo wamfupi, wamimba yake, amene makolo awo anabwera kuno pothawa nkhondo ya ku Mozambique. Kuyamikira munthu sankakudziwa. Tisanatuluke n'komwe pageti anandilanda foni, ati wophunzira sayendetsa ndi foni m'thumba. Mwayi wake kumudzi ndinali nditasiyako nambala yawo.

"Giya imeneyo yakulakwira chiyani?" anandifunsa tikudutsa pa Lunzu. "Uziinyengerera. Ndi yakale kuposa iwe."

Ndinaseka, koma mtima wanga unali utatsogola kale. Mudzi wathu uli kwa Kanduku, m'mphepete mwa msewu womwewu, munthu usanafike pa boma la Mwanza. Amayi anatilera ndi manachesi, kugulitsa kwa madalaivala oima pamenepo. Matenda a shuga atawatha maso, anatsala ndi makutu, moti thiraki iliyonse ankaidziwa ndi kulira kwake. Madalaivala ali ndi chizolowezi choliza hutala akamadutsa kwawo, kuti apanyumba adziwe kuti munthu wawo ali moyo. Tsiku limene ndinkatsanzika, amayi ali gone pamphasa, anandigwira dzanja.

"Kukuona sindingakuone, Yohane, koma ndidzakumva. Ukadzafika pachitunda udzalize. Ndikadzapezeka ndagona, andidzutse."

Titangopitirira Lirangwe tinapeza nthambi zamasamba atazindanditsa pamsewu, ndipo kutsogolo kwake kunali thiraki yofa, mwini wake atalowa kunsi, kukuoneka mapazi okha.

"Waona?" anatero a Zuze. "Limenelo ndiye chenjezo lathu. Ukaona masamba, dziwa kuti mnzako wagona panjira."

Pa Zalewa tinafika cha m'ma eyiti. Apolisi atationa mapepala, tinaima kutsidya kwa mlatho wa Shire n'kugula tchipisi ndi mazira kwa mnyamata wina wa chiwaya. Mayi wogulitsa nthochi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Achimwene, chigalimoto chonsechi mukuchikoka ndinu? Ndi timikono timeneti?"

Ndisanayankhe, foni ya a Zuze inalira. Anapita nayo kuseri kwa thiraki ndipo anakhalitsako. Pobwera, tchipisi chawo anapatsa mwana wina wodutsa, kenako anatambasula dzanja.

"Bweretsa makiyi. Ukhale uko."

Ndinaganiza kuti abwana aimba, ndipo a Zuze awauza za giya ija. Ndalephera, basi.

"Bambo Zuze, chonde, ndiyendetse mpaka pa Mwanza pokha. Amayi akudikira."

"Ndati ukhale uko, mwana wanga."

Chiyambire m'mawa anali asananditchulepo choncho, koma ine sindinalabadire. Ndinali nditakwiya.

Kuchokera pa Zalewa msewu umakhota kulowera kumadzulo, n'kudutsa dziko louma la milambe ndi matumba a makala oimikidwa m'mbali. Tinawoloka mtsinje wa Lisungwi. Zitunda zitayamba, thiraki inkabuula pokwera, ndipo milu ya manachesi inayamba kuoneka, yofiira m'mabeseni. A Zuze sanatsegule wailesi. Kawiri konse anatsegula pakamwa ngati anene kanthu, n'kungotsokomola.

Titayandikira chitunda chathu ndinaona masamba pamsewu. Ndinati m'mtima, ina yafanso apa. A Zuze anachepetsa liwiro mpaka thiraki inkangokwawa. Ndinaona denga lathu lamalata pakati pa mitengo ya mango, ndipo ndinaganiza kuti ngakhale sindikuyendetsa, amayi sangaone amene wakhala pachiwongolero. Adzangomva. Ndinadzuka pampando, n'kutambasula mkono pamutu pa a Zuze, n'kukoka chingwe cha hutala ndi mphamvu zanga zonse.

Inalira mpaka mapiri anayankha. A Zuze sanandigwire dzanja.

Ndikusiya chingwecho m'pamene ndinaona bambo wina atatsika panjinga, akuikankha, chipewa chili m'manja. Thiraki yofa panalibe. Masamba amenewa anali aja amene timaika tonse kwathu kukagwa maliro, kuti wodutsa aliyense adutse mwakachetechete. Ndawaikapo ndekha kangapo, ndili mnyamata. Pansi pa mango wathu panali patakhala azibambo, ndipo m'nyumba mwa amayi munkatuluka kulira.

"Anaimba ndi amalume ako," anatero a Zuze, akuzimitsa injini. "Amayi atisiya m'bandakucha. Munthu ali pachiwongolero sauzidwa zotere. Ndikanakuuza pa Zalewa, koma pakamwa panandilemera."

Sindikumbuka mmene ndinatsikira. Ndikukumbuka manyazi ndi chisoni zitandigwira pamodzi, poti ndinali nditasokosera maliro a mayi anga omwe. Ndinkayembekeza kuti akuluakulu andidzudzula. Sanatero. M'nyumba muja kulira kunakula, ndipo ndinamva mawu a mlongo wanga Esinala pamwamba pa onse:

"Amayi, dzukani! Yohane wadutsa! Munati tikudzutseni!"

Amalume anandigwira n'kundikhazika pansi pakati pa azibambo. Patapita nthawi anafunsa motsitsa mawu, maso ali pathiraki.

"Chinthu chimenechi amayendetsa ndi iyeyu?"

"Ndi iyeyu," anayankha a Zuze. "Wachinyamula yekha kuchokera ku Blantyre. Ali ndi dzanja labwino."

Aka kanali koyamba kuwamva akuyamikira munthu, ndipo za pa Zalewa sanazitchule. Anakhala nafe pang'ono, anapepesa anamfedwa, kenako anandibwezera foni yanga. Katundu wa ku doko sadikira, ndipo kuchipata cha m'malire a dziko kunali mzere. Anati ndiike amayi bwinobwino, mpando wanga ndidzaupeza. Thiraki inatsika chitunda mwakachetechete, ikulambalala masamba aja, ndipo ulendo wanga woyamba wa ku Beira unathera pakhomo pathu.

Ntchito ndinailowa, ndipo ku Beira ndapitako kambirimbiri. Ndinaphunzira kuti ndikaona masamba pamsewu, ndiziyang'ana kaye anthu ndisanayang'ane galimoto. Pachitunda chathu ndimachepetsabe liwiro, ndipo dzanja limapita lokha kuchingwe. Limafika, n'kuchigwira, koma sindikoka.