Chipewa Chimene Sindinavule

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndinali kochi wa timu ya mpira pa koleji ina ya zaluso kufupi ndi boma la Mangochi. Ntchito imene anandilembera inali yophunzitsa ukalipentala, koma aphunzitsi anzanga atamva kuti ndinasewerako mpira ndili mnyamata kwathu ku Malindi, anangondipatsa wezulo ndi thumba la majezi. Sindinakane. Mpira ndinkaukonda kwambiri, mwina kuposa mmene munthu wowerenga Mawu m'tchalitchi ayenera kuvomerera pagulu.

Anyamata athu sanali aliwiro, ndipo bwalo lathu linali la mchenga wolemetsa miyendo. Ndinaona kuti tikati tipikisane pothamanga tizingogonja, choncho tinayenera kupambana ndi nzeru. Tikaweruka ndinkayala zitsekerero za mabotolo pa tebulo lopalirapo matabwa, zofiira zathu, zobiriwira za adani, n'kumazisuntha anyamata atandizungulira. Tinkasewera anayi kumbuyo, anayi pakati, awiri kutsogolo. Koma zigoli zathu zambiri zinkachokera pa kona, ndipo mtima wanga wonse ndinauika pamenepo.

Awiri a kutsogolowo ndiwo eni nkhaniyi. Mmodzi anali mwana wa mlongo wanga. Bambo ake anamwalira iye ali ku pulayimale, ndipo kwathu kuno mwana wa mlongo ndi katundu wa malume ake. Ndine ndinamubweretsa pa koleji, ankagona m'nyumba mwanga, ankadya pa mphasa imodzi ndi ana anga. Anali wopepuka, wodumpha bwino, koma akaona thupi la munthu likumubwerera ankatsinzina. Winayo anali mnyamata wa ku Makokola, Msilamu, mwana wa msodzi, amene ankaphunzira kuwotcherera zitsulo. Mapewa ake anali a munthu amene wakoka ukonde kuyambira ali wamng'ono. Ankamenya mpira ndi miyendo yonse iwiri, ndipo m'mwezi wawo wosala kudya ankachita nawo masewera okonzekera mpaka kumapeto osamwa madzi, osadandaula. Aliyense wodziwa mpira akanangowayang'ana kwa mphindi khumi akananena amene anali katswiri. Inenso ndinkadziwa.

Pa kona tinali ndi njira zitatu, ndipo wokamenya konayo ankayamba wayang'ana kwa ine kuti adziwe yoti atsate. Ndikapinda manja pachifuwa, inali njira yoyamba: wa ku Makokola ankapita kukaima kutsogolo kwa difenda wamtali wa adani, osamugwira, osamukankha, kungomutsekera njira ngati chitsa kuti refa asapeze choimbira. Mwana wa mlongo wanga ankazungulira kumbuyo kwake n'kutulukira yekhayekha pa mtengo wapafupi wa golo, mpira n'kumupeza pamutu. Ndikaika thaulo paphewa, inali yachiwiri, kona yaifupi yapansi. Ndikavula chipewa, inali yachitatu, ndipo imeneyi inali yoyamba ija yotembenuzidwa: mwana wa mlongo wanga ankathamangira ku mtengo wapafupi kuti adani onse amutsatire, pamene wa ku Makokola, amene ankaoneka ngati akukatchinga monga mwa masiku onse, ankapotoloka n'kupita ku mtengo wakutali kumene mpira unkagwera.

Ndinkawaphunzitsa kuti njira ikadziwika ndiye kuti yafa. Ndinkati usipa umabwera ku nyali chifukwa sudziwa zoti pansi pali ukonde, ndipo tsiku limene udzadziwe asodzi adzabwerera chimanjamanja. Wa ku Makokola ankaseka fanizo limeneli, ankati akochi a ku mishoni akuphunzitsa mwana wa msodzi za usipa. Ntchito yotchinga ankaigwira mosanyinyirika ngakhale kuti wotchinga saomberedwa m'manja. Anzake ankamutcha khoma, iye n'kumayankha kuti khoma likadzatopa denga lidzadziwa.

Chaka chachinayi, chakumapeto kwa nyengo yozizira, tinalandira uthenga woti munthu wina wa timu yaikulu ya ku Blantyre abwera kudzaonera masewero athu ndi koleji ina ya kumtunda, cha ku Namwera. Ankafuna wosewera kutsogolo mmodzi yekha. Kwa anyamata a kuno mwayi wotere subwera kawiri. Anthu amenewa sakonda kutsika kudzapsa ndi dzuwa la kunyanja.

Kutatsala masiku atatu, mlongo wanga anabwera kunyumba ndi nkhuku ndi lichero la mtedza. Sanapemphe kanthu. Anakamba za denga lake lodontha, za maliro a kwa apongozi, za mitengo ya feteleza. Ponyamuka ndi pamene anati, "Achimwene, mwanayu alibe wina koma inu." Ndinamuperekeza mpaka pa msewu ndikudziuza kuti chibale ndi fupa, sichiola.

Ndiyenera kunena bwinobwino mmene ndinachimwira, chifukwa sindinakhale pansi n'kukonza zoipa. M'mawa wa tsikulo ndinagwada monga mwa chizolowezi, n'kupempha kuti kufuna kwa Mulungu kuchitike. Kenako ndinadziuza kuti njira yoyamba ndi imene yatipatsa zigoli zambiri chaka chino, ndipo zimenezo zinali zoona. Ndinadziuzanso kuti a kumtunda ndi olimba pakati, ndiye ndi bwino tiike asanu pakati ndi mmodzi kutsogolo. Zimenezonso zinali ndi nzeru yake. Koma amene ndinamubweza pakati anali wa ku Makokola, ndipo wotsala yekha kutsogolo, pamaso pa mlendo wa ku Blantyre uja, anali mwana wa mlongo wanga. Chilichonse chimene ndinadziuza chinali choona, ndipo ndinazisanja zoonazo kuti zinditchingire chimene mtima wanga unali utasankha kale.

Mlendoyo anamupatsa mpando pansi pa mtengo wa mango, kabuku kali pabondo. Kona yoyamba tinaipeza masewero atangoyamba. Ndinapinda manja. Wa ku Makokola anaima pamalo pake, difenda wamtali anagunda pamsana pake ngati wagunda chitseko, mwana wa mlongo wanga n'kumwetsa ndi mutu. Bwalo lonse linasokosera. Ndinaona mlendo akulemba.

Kona yachiwiri ndinapindanso manja. Yachitatu chimodzimodzi. Kochi wa a kumtunda sanali wopusa. Anaika munthu mmodzi woti azilimbana ndi wa ku Makokola, wina n'kumuimika pa mtengo wapafupi kuti azingodikira. Pa kona yachinayi difenda wawo anafuula kuti ndimve, akufunsa ngati akadikire pomwe paja kapena akochi asintha maganizo. Oonerera anaseka, ngakhale athu omwe. Mphunzitsi mnzanga amene ankanyamula madzi anandinong'oneza kuti tadziwika. Ndinamuuza kuti aone za ndowa yake.

Popumulira anyamata anakhala pamthunzi akuyamwa malalanje. Wa ku Makokola anadikira kuti ndimalize kulankhula, kenako anabwera pambali panga. Sanakweze mawu.

"Akochi, atiwerenga. Onse akukhamukira ku mtengo wapafupi, kumbuyo kulibe munthu. Kamodzi kokha, vulani chipewa."

"Ndamva. Tiona mmene ziyendere."

Mwana wa mlongo wanga anali pafupi, akumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale.

M'chigawo chachiwiri a kumtunda anabweza chigoli. Tinapeza makona ena awiri, ndipo pa imodzi ndinaika thaulo paphewa kuti ndioneke ngati ndikusintha, koma chipewa sindinachikhudze. Kutatsala mphindi zochepa tinapezanso kona. Womenya anaika mpira pansi n'kundiyang'ana. Wa ku Makokola naye anandiyang'ana, ndipo ndikukhulupirira kuti timu yonse inatero. Ndinaona ndi maso anga kuti ku mtengo wakutali kunalibe jezi ya adani ngakhale imodzi. Dzanja langa linakwera mpaka kukhudza mlomo wa chipewa. Kenako ndinapukuta thukuta pamphumi n'kupinda manja.

Wina angafunse kuti bwanji mnyamatayo sanangothamangira kumbuyoko mwa yekha. Sizikanathandiza, chifukwa womenya kona ankatsata ine, ndipo mpira ukanapitabe ku mtengo wapafupi. Komanso sanali munthu wotero. Anapita kukaima pamene ndinamuphunzitsa kuima, analandira chigongono pakamwa, mpira anauchotsa ndi mutu munthu amene ankaudikira kuyambira kalekale. Masewero anatha chimodzi kwa chimodzi.

Mlendo anandiitana pansi pa mango paja. Anati wopepukayo amadziwa poima ndipo amutenga akamuyese. Za winayo anati ndi wamphamvu ndithu, koma sanamuone akuyang'ana golo ngakhale kamodzi. Anatseka kabuku kake n'kundiyang'ana, ngati akundipatsa mpata woti ndiyankhe. Ndikanatha kunena kuti ndine ndinamutalikitsa ndi golo, mumutenge nayenso mukamuone sabata imodzi. Ndinangoti zikomo kwambiri pobwera.

Mwana wa mlongo wanga anapita ku Blantyre, anakhala pa benchi miyezi ingapo, n'kubwerako. Lero amagwira ntchito pa hotelo ina ya m'mbali mwa nyanja ndipo amasamala mayi ake bwino. Iye sindimuimba mlandu, sanandipemphe kanthu. Wa ku Makokola anamaliza maphunziro ake chaka chomwecho. Masewero otsala anasewera onse, akutchinga monga kale, ndipo tsiku lotsanzikana anandigwira chanza ndi manja awiri.

Patapita milungu ingapo inali nthawi yanga yowerenga m'tchalitchi, ndipo gawo la tsikulo linali la mfumu ija imene inalamula kuti msilikali wake wokhulupirika aikidwe kutsogolo kumene nkhondo yakula, kenako anzake amusiye. Ndinali nditawerenga nkhaniyo kambirimbiri, koma tsiku limenelo ndinakakamira pa mfundo yoti msilikaliyo ananyamula yekha kalata ya imfa yake osaitsegula. Ndinalekeza kuwerenga pomwepo mpaka mayi wina wa kwaya anandibweretsera madzi. Popita kunyumba ndinkadzitonthoza kuti ine si mfumu, palibe wafa, ndi mpira chabe. Koma ndinkadziwa kuti chimene ndinagwiritsa ntchito pomupweteka mnyamatayo chinali kumvera kwake komwe, ndipo akanakhala wamwano sindikanamutha.

Ndinakaulula kwa abambo ansembe. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti Mulungu wamva, koma kodi mwini wake wamva? Ndinalonjeza kuti ndipita. Panadutsa zaka khumi ndi ziwiri. Ndinkadziwa kumene ali: anatsegula kashedi kowotcherera pafupi ndi msika wa m'tauni, ndipo ndikakhala pa njinga ndinkadzera msewu wina. Mgonero ndinkalandirabe. Chimenechi chimandiopsa kuposa zina zonse ndikachiganizira.

Ndinapita chaka chatha, nditapuma kale pa ntchito. Kunali chakumasana, iye akuwotcherera chitseko cha chitsulo. Atakweza magalasi akuda anandizindikira pomwepo, anapukuta mpando ndi malaya ake n'kutuma kuti andigulire thobwa. Anali atanenepa, ndevu zitayamba imvi zingapo. Ndinamulankhula ndi ulemu wa munthu wamkulu, iye n'kuseka kuti akochi ayamba liti kumunena kuti inu. Anandifunsa za mayi kunyumba, za mwana wa mlongo wanga, za bwalo lija ngati mchenga ukadalipo. Ndinaopa kuti tikapitiriza chonchi ndinyamuka osanena, choncho ndinamudula pakamwa n'kufotokoza zonse, kuyambira nkhuku ya mlongo wanga mpaka zimene sindinauze mlendo pansi pa mango.

Anamvetsera akuzunguza kachitsulo m'manja.

"Ndinadziwa pa kona yachiwiri, akochi."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinanena. Popumulira paja."

Iye anapitiriza mofatsa kuti za kwa mlendo zokhazo ndi zimene samazidziwa, ndipo akanakonda ndikanazisunga. Anati kwa zaka zingapo sankatha kudutsa pa bwalo pakakhala masewero, ndipo nsapato zake anapatsa mng'ono wake. Anati riziki, gawo la munthu m'moyo uno, amagawa ndi Mulungu, ndipo shediyi yaphunzitsa ana ake awiri, sakudandaula. Ndinaganiza kuti wamaliza, koma anawonjezera.

"Mwina ndikanaphonya. Mpira wa kona ndi wovuta, mukudziwa. Koma ndikanaphonya ndekha, ndikanadziwa polekezera panga. Pano sindidziwa, ndipo sindidzadziwa."

Ndinamupempha kuti andikhululukire. Asanayankhe, ku mzikiti kunamveka kuitana kwa swala ya masana. Anaimirira, anazimitsa makina, anatenga kandowa ka madzi n'kupita kuseri kukasamba m'manja ndi kumapazi. Pobwera anali atasintha malaya. Anandifunsa ngati ndili ndi changu, ndinati ayi. Anati ndiye ndimuyang'anire shedi, ndipo wina akabwera ndi ntchito ndimuuze adikire.

Ndinakhala pa mpandowo pakati pa zitsulo zotentha ndi dzuwa. Kunabwera bambo wina wa kabaza ndi njinga yothyoka pa foloko, ndinamuuza kuti amisiri apita kukapemphera, ndipo tinadikira limodzi. Atabwerako anayamba ndi njingayo, chifukwa mwini wake anali kutaya makasitomala. Kenako anandiperekeza mpaka pa siteji ya minibasi, akundinyamulira chikwama. Za pempho langa sanabwererekonso, ndipo ine sindinaone kuti ndili ndi ufulu wofunsa kachiwiri.