Phazi la Mtengo la Alamu Anga

Alamu anga, amuna a malemu mlongo wanga, anagwira ntchito pa fakitale ya nsapato zaka makumi atatu ndi ziwiri. Anzawo ankawatcha a Tiyese, chifukwa mawu amenewa sankachoka pakamwa pawo. Guluu akakana kugwira, "tiyese chonchi." Makina akayamba kudula ulusi, "tiyese chonchi." Ine ndi iwo tinalembedwa ntchito tsiku limodzi, benchi yathu inali imodzi, koma ine ndinangopirira zaka zinayi. Belu lolowera ndi lowerukira linkandiwawa m'mutu. Ndinagula nyundo, mpeni ndi singano, n'kukakhala pakhonde la sitolo ina, bwana ndekha, wantchito ndekha.

"Alamu, tiyeni tikayambe zathu," ndinkawanyengerera. "Mutu wanuwo mukungolemeretsa nawo eni ake."

"Nanga mwezi umene simunagulitse kanthu, ana adya nyundoyo?" ankandiyankha akuseka.

Sankanama ayi. Ine ndatsekapo bizinesi katatu, ndipo katatu konseko ndinkakasamba m'manja kunyumba kwawo.

Mlongo wanga ankasita zovala pachipatala, chiimire kuyambira m'mawa. Mapazi ake anali otambalala, ndipo pofika madzulo ankatupa mpaka nsapato kusiya mizere pakhungu. Akangolowa pageti ankazivula, n'kuyenda wopanda nsapato mpaka pampando. Alamu zinkawapweteka mtima. Tsiku lina anabwera ndi chipika, n'kuyamba kusema phazi la mtengo, lija timakungirapo chikopa posoka nsapato. Anasema miyezi itatu, Lamlungu lililonse, ali pakhonde, phazi la mkazi wawo lili pamwendo pawo. Ankayeza ndi ulusi, kusema pang'ono, kuyezanso.

"Mukundigirigisha inu!" mlongo wanga ankakuwa. "Anzanu amagulira akazi awo nsalu, inu mukundisemera mwendo ngati ndaduka."

Atamaliza ndinawagwira mkono. "Limeneli bwerani nalo kwanga. Likhala lathu."

"Inu mungasoke mapeya angati pa sabata? Atatu? Azimayi otupa mapazi ndi angati m'tauni muno?"

Analikulunga m'nyuzipepala n'kupita nalo kufakitale. Abwana anawapatsa kakona kawo, zikopa ndi anthu awiri owathandiza. Mapeya oyamba anasomboka onse, achiwiri anali olemera ngati njerwa, koma mwezi ukatha alamu ankalandira malipiro awo osadulidwa. Ine ndikanaononga zikopa zochuluka choncho, bwenzi nditagulitsa ndi bedi lomwe. Ulendo wachitatu nsapato ija inatheka. Anamwino anaithamangira, aphunzitsi, azimayi a mumsika, mpaka fakitale inamanga shedi ina. Alamu anapatsidwa satifiketi ndi wotchi ya pakhoma, ndipo mlongo wanga anayamba kufika m'nyumba nsapato zili kuphazi.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi chimwalirireni mlongo wangayo. Zovala zake abale tinagawana, zithunzi zilipo ziwiri zokha, zosaoneka bwino. Alamu sanalire mokweza pamaliro. Anangobwerera kuntchito, ndipo anzawo amati nthawi ya nkhomaliro ankatsitsa phazi lija pashelefu n'kumalipukuta ndi kansanza, ngakhale kuti fakitale inali itayamba kale kugwiritsa ntchito mapazi a pulasitiki.

Chaka chatha, popuma pa ntchito, anapempha chinthu chimodzi chokha. Analowa mu ofesi ya bwana watsopano, munthu waulemu wake ndithu, chipewa chili m'manja.

"Bwana, ndimati nditenge phazi la mtengo lija."

"Pepani bambo, limenelo ndi katundu wa kampani. Chilichonse chimene munthu wapanga ali pa ntchito muno n'cha kampani. Munasainira polowa."

"Koma ndinasemera pakhonde panga, bwana. Ndi phazi la mkazi wanga."

"Ndikumvetsa, bambo. Koma ndi mbiri yathunso. Tilisamala kuposa mmene mungalisamalire kunyumba."

Analisamaladi. Analiika m'kabati ya galasi pamalo ofikira alendo, n'kulembapo kuti ndi pamene panayambira nsapato yotchuka ya kampaniyo. Dzina la alamu lilipo m'munsi, timalemba tating'ono. La mwini phazi palibe.

Atandiuza zimenezi, ine magazi anawira. "Mukanangoliponya m'chikwama! Ndani akanakusechani, nkhalamba ngati inu?"

"Zaka zonsezi sindinatulukepo ndi msomali ndi umodzi womwe," anatero. "Ndiyambe kuba lero, n'kuba mkazi wanga yemwe?"

Ndinafuna kuwakumbutsa kuti ndinawauza kale kuti abwere nalo kwanga, koma ndinazisiya. Ine zanga zonse n'zanga, nyundo, benchi, ngakhale kulephera kwanga komwe, palibe angandilande. Koma nsapato zimene ndasoka moyo wanga wonse sizingadzaze ngolo, pamene ya alamu ikuyenda m'misewu yonse. Ndani anasankha bwino? Kale ndinkayankha msanga. Masiku ano ndimangoti kaya.

Ndinayesa kuwasemera lina. Mlongo wanga ndinakula naye, ndinkati phazi lake ndikulidziwa. Ndinalimbana nalo masabata awiri, n'kukawapatsa. Analilandira ndi manja awiri, anatsinzina, n'kuyendetsa chala kuchokera kuchidendene mpaka kuzala.

"Mwayesetsa, alamu," anatero. "Koma si iyeyu. Apa pankatukuka pang'ono."

Tsopano Lachisanu lililonse amavala jekete, kupolisha nsapato, n'kukwera basi kupita kufakitale. Sabata yatha ndinawaperekeza. Tinakhala pa benchi ya alendo, moyang'anana ndi kabati ija. Mayi wolandira alendo anali watsopano, sankawadziwa.

"Takulandirani agogo. Mwabwera kudzaona ndani?"

"Mayi akunyumba," anayankha alamu.

"Amagwira mbali iti? Ndiwaitane."

"Musavutike, mwanangu. Ndawaona kale."

Tinakhala mpaka belu la nkhomaliro linalira. Ponyamuka anapita pa kabati paja, n'kugunditsa chikhatho chawo pagalasi, pafupi ndi chidendene. Ine ndinayang'ana kumbali, chifukwa misozi inali itandipereka. Tisanafike n'komwe pakhomo, bambo wokolopa anabwera ndi kansanza kake n'kupukuta pamene panagunda dzanja lawo.