Mphindi zinayi za kabokosi ka pampu

Amayi a zamagetsi pafakitale ya sopo savala wotchi, koma mawotchi onse a makina amamvera iwo. Lolemba lililonse amayendera timabokosi toyendetsa makina, magalasi ali pamphuno, kuona ngati tonse tikutenga nthawi kukompyuta yaikulu. Anzawo amawaseka kuti amalera mawotchi ngati ana. Iwo amangoti, "Makina akasiyana nthawi, amanamizira anthu."

Lachisanu lina thanki inasefukira. Bwana anatulukira ndi pepala la makina losonyeza kuti belu lochenjeza litalira, woyendetsa pampu anachedwa mphindi zinayi kuzimitsa. Bamboyo anali m'madzi, ntchito ikumuthera.

Amayiwo sanakweze mawu. Anatsegula kabokosi ka pampu, katsopano, kamene akontirakiti anaika Lachitatu n'kutchera nthawi ndi wotchi yawo yapamkono, osakalumikiza kukompyuta. Kanali patsogolo ndi mphindi zinayi ndendende.

"Bwana, bambowa anazimitsa nthawi yomweyo. Ngati pali wochotsedwa ntchito, ndi kabokosika."

Bwana anapinda pepala lija. Amayiwo atakalumikiza, anacheukira bambo uja.

"Achimwene, nthawi ili bwanji? Tiyi wanga wazizira."