Ndinanamiza Bambo Mfumu kuti tisachoke mu ligi

Ine ndimaphunzitsa mpila pa koleji ya ansembe Achijezwiti kufupi ndi Nyimba. Chaka chatha Bambo Mfumu, mkulu wa kolejiyo, anandituma ku msonkhano wa ligi ku Petauke kuti ndikachotse timu yathu. Ankati mpila wa Loweluka ukuwasinzitsa anyamata pa Misa.

Ndinakwela basi mawu onse nditaloweza. Koma wapampando atafunsa kuti, "A ku Nyimba, mukuti bwanji?" ndinakumbukila mmene a ku Msanzala anatithilila zigoli pabwalo lathu lomwe, amai ogulitsa vitumbuwa akutiseka. Ndinaimilila n'kunena kuti, "Tilimo!"

Nditabwelela ndinati, "Bambo, atikaniza kutuluka. Akuti malamulo salola." Malamulowo ndinawapeka m'basi, ndipo ndinkayankhula maso ali pa nsapato zawo.

Sipanapite nthawi, wapampando uja anakumana ndi Bambo Mfumu pa malilo n'kuwathokoza kuti sitinachoke.

Bambowo anandiitanitsa ku ofesi. "A Tembo, mwandinamiza ine, wansembe? Ntchito mukuifunabe?"

"Ndikuifuna, Bambo, ndipo bodzalo ndibwela mailo kudzalapa," ndinatelo. "Koma anyamata anga mu ligi satuluka, ngakhale mundipatse chilango chopemphela kolona chaka chonse."