Mabenchi a Chipani kwa Ba Mubita

Ba Mubita, aneba athu ku Dambwa, ankamveka fungo la mafuta a sitima losakanikirana ndi utsi wa kandulo, ndipo mpaka lero ndikalimva fungo limenelo mtima umandiwawa. Boma linawatumiza kudziko lina lozizira lachikomyunizimu kukaphunzira za njanji. Anabwerako ndi chipewa chaubweya chomwe ankavala ngakhale mu Okutobala, thukuta likuyenderera m'makutu.

Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi, ndipo bambo anga anali tcheyamani wa dera lathu. Mabenchi a misonkhano ankasungidwa kwathu. Ine ndinkayenda modzikweza, chifukwa anzanga ankandigawira zitumbuwa poopa kuti amayi awo angalandidwe malo kumsika.

Kenaka ba Mubita anayambitsa mapemphero a mphakati pansi pa mtengo wawo wa mango. Akatha kolona ankasimba zomwe anaona kuja: anthu oletsedwa kusonkhana atadzaza tchalitchi mpaka pamsewu, akukambirana zosankha okha atsogoleri. "Wansembe anali kutsegula chabe chitseko," ankatero.

Anthu anachuluka kwa ba Mubita, pokhala panachepa. Ku Dambwa benchi sitimanana, kaya ndi pamaliro kaya pamapemphero, choncho amayi anabwereketsa mabenchi aja bambo atachoka. Nditasuzumira pampanda ndinaona Sitali, mwana wa ba Mubita, atavala chipewa chija, akutafuna zitumbuwa zomwe zinkayenera kukhala zanga. Ndinathamanga kukaneneza kwa bambo.

Bambo anapita atakwiya, ine ndili pambuyo kudikira kuti Sitali alire.

"Ba Mubita, aya mabenchi ni a chipani."

"Ni zoona, ba tcheyamani. Manje auzeni aimirire."

Pabenchi yakutsogolo panali agogo anga, apongozi awo a bambo, kolona ili m'manja. Mkamwini ndani angadzutse apongozi pampando? Bambo anavula kapu, nagwada, naomba m'manja kupereka moni, n'kubwerera chimanjamanja. Mabenchi sanabwerenso, ndipo zipani zitachuluka palibe anabweranso kudzatigwadira.

Lero ndimagulitsa ziboliboli ku Mukuni Park. Ndimakuwa tsiku lonse, kutsitsa mtengo, kulumbira kuti mvuu yamtengo ndasema ndekha, kuti mlendo mmodzi aime. Ba Mubita sindinawamvepo akuitana munthu. Zimenezo sindinawakhululukire.