Chifuwa Chimene Tonse Tinachira

Botolo la amayi linali ndi mzere wofiira, wolembedwa ndi bolopeni ya bambo yochongera mayeso. Madzi awo akumwa a tsiku lonse ankalekezera pamenepo. Ku Lifuwu, komwe mchenga umaotcha mapazi, nyanja ili poteropo, amayi ankangonyowetsa milomo. Impso zawo zinali zitafooka. Lolemba ndi Lachinayi ankakwera minibasi ya ku Lilongwe kuti makina akawasefe magazi, n'kubwerako ali lefu, koma atandigulira zitumbuwa. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo ndinkangoziona ngati ntchito imene amayi amapitako.

Dzinja la korona, anthu akuwokera mpunga, chifuwa chinalowa m'nyumba mwathu. Ndinayamba ndine: mutu, kutentha thupi, usipa wokazinga osamveka fungo. Nditakagona pamphasa ya amayi, bambo anandikalipira koopsa. Ndinakwiya nawo tsiku lonse. Lero ndikudziwa kuti adokotala anali atawachenjeza kale kuti thupi la impso zodwala silingalimbane ndi matendawa.

Patatha masiku atatu, ine ndinadzuka. Bambo anachira. Ngakhale amalume, msodzi wosuta fodya kuyambira m'mawa, anangotsokomola sabata imodzi n'kubwerera kumaukonde awo.

Amayi anayamba Lachiwiri. "Ndi chimfine chabe, mwanawe, usandiyang'ane choncho." Pofika Lachinayi mapazi anali atatupa, nsapato osalowa, kupuma kukumveka ngati munthu akucheka thabwa. Bambo anabwereka galimoto ya mphunzitsi mnzawo kuti awatengere kuchipatala. Amayi atakhala kumbuyo, anandikodola pawindo.

"Uanule zovala, mvula ikubwera."

Ndinaanula, ndinapinda bwinobwino. Sindinawabayibitse n'komwe.

Lamulungu masana amalume anafika panjinga, nayima pakhomo chipewa chili m'manja. Ndinali ndikupala nsomba, ndipo ndinapitiriza kupala.

Bokosi silinalowe m'nyumba. Linapita kumanda molunjika, litanyamulidwa ndi anthu ovala zoyera mpaka kumaso, akupopera mankhwala onunkha ngati jiki. Amayi a mvano anaimba nyimbo imodzi ali patali. Ine misozi osatuluka. Ndinakoka malaya a amalume.

"Mwaiona nkhope yawo?"

Anapukusa mutu.

"Nanga mwadziwa bwanji kuti ndi iwo?"

Ndinabwerera kunyumba ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti akuluakulu asokoneza, aika munthu wa eni. Amayi anga sakanafa ndi chifuwa chimene ine, mwana, ndinachira popanda ngakhale jakisoni.