A Marita ndi Chigoba cha mu Sitandade 6

Mukafika pa msika wa Nsaru n'kuona mayi wachikulire atagwira botolo la mankhwala a fodya, alitalikitsa kumaso, akuwerengera anthu zolembedwapo, musafunse n'komwe, amenewo ndi a Marita Namakhwa. Malonda awo ndi tomato ndi anyezi, koma ambiri amawapitira ndi mapepala a Chingerezi, ena a kuchipatala, ena makalata a ana awo. Chingerezi chimenecho sanachitole panjira ayi. Anachisesera kalasi.

Kwawo ndi ku Phalombe. Anabwera kuno pa lole ndi amuna awo, a Damiano, kudzagwira utenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Kabudula. Sukulu anailekezera mu Sitandade 5 fizi itasowa, koma chidwi sichinawachoke. Koma ndiye mayi ameneyu ngofunsa, abale! Akaona thumba la feteleza ankafuna adziwe kuti palembedwa chiyani, ndipo analemba ndani. Kapitawo wa pa esiteti ankachita kuwazemba.

Chaka chimene pulayimale inakhala yaulere, a Marita anali ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri. Anamanga chitenje chawo chabwino n'kutsagana ndi mwana wawo woyamba, Faness, kusukulu ya mishoni yapafupi. Ahedi anayesa kuti akudzalembetsa mwanayo.

"Uyu analembedwa kale," anatero a Marita. "Wabwera ndine. Pa wailesi anena kuti aliyense, eti?"

Ahedi anadzikanda m'mutu. Ana anali atasefukira mpaka pansi pa mitengo. Anawaika mu Sitandade 6, kalasi ya Faness yemweyo, koma sanawabisire. "Mayi, malo ndi ochepa. Ndikupatsani teremu imodzi. Mukalephera Chingerezi, malowo mudzasiyire mwana."

Wophunzitsa Chingerezi anali a Gibson Chikuse, mwana wa mkulu wa mpingo wa ku Nambuma, munthu woti ndevu zinali zisanagwirizane. Malamulo awo anawalemba pa katoni n'kukhoma pakhoma. Wochedwa apepese m'Chingerezi asanalowe. Lachisanu lililonse, chimangirizo. Pakutha pa teremu aliyense adzaimirira kutsogolo n'kufotokoza za moyo wake, ndipo mayeso aakulu ndi amenewo. Koma lamulo loopsa linali la chigoba cha nkhono, chobooledwa n'kumangidwa pa chingwe chosokera fodya. Wolankhula Chichewa m'kalasi ankachivala m'khosi, n'kumatchera khutu kuti amve mnzake amupatsire. Amene belu loweruka lamupeza nacho, ankasesa kalasi yonse yekha.

A Marita anachiyang'anitsitsa chigobacho n'kukweza mkono. "Aphunzitsi, nanga nkhonoyo inalakwa chiyani?"

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Funsolo linali la m'Chichewa, aliyense anamva, koma amene anali ndi chigoba anangoyang'ana pansi. Vuto linayambira pomwepo. Mwana woleredwa bwino wa kuno, woti popereka madzi kwa wamkulu amagwada, akoleke chingwe m'khosi mwa mayi wa mnzake? Ha, zosatheka! Ngakhale a Chikuse ankakhala ngati makutu atseka a Marita akalankhula. Ankangoti, "Chabwino, mayi," n'kutembenukira kubolodi.

Poyamba a Marita zinawakomera. Ankadzuka m'mamawa kukathirira nazale ya fodya, n'kuthamangira kusukulu matope ali m'miyendo, n'kumafunsa mafunso awo momasuka. Koma patatha mwezi anayamba kuona chinthu chodabwitsa. Tiana timene tinkachita chibwibwi tsiku loyamba tinali titayamba kutulutsa Chingerezi, chothyokathyoka inde, koma chikutuluka, chifukwa choopa tsache. Iwo lilime linali lomwe lija. Mawu ankawamva, ena ankatha kuwalemba, koma pakamwa pankatuluka Chichewa basi. Anachita mantha, chifukwa teremu inali itafika pakati.

China chinkawapweteka mumtima. Faness ankachita nawo manyazi. Popita ankatsogola kutali, m'kalasi ankakhala ku ngodya ina, ndipo pasukulu sanawatchulepo kuti amayi ngakhale kamodzi.

Tsiku lina pa buleki a Marita anawatsata a Chikuse. "Aphunzitsi, kodi lamulo la chigoba lija lili ndi zaka zake?"

"Ayi mayi, ndi la aliyense. Kungoti inu ndinu aakulu."

"Ndiye ulemu wanuwo undibwezera kumunda. Mukundilemekeza kuti ndilephere."

A Chikuse anapukuta choko m'manja kwa nthawi yaitali. "Lamulo limati wopereka ndi amene ali nacho. Ine sindingakakamize mwana wa eni kuti akuvekeni."

A Marita anangoti zikomo, n'kudikira. Lachitatu lotsatira chigoba chinagwera Faness. Mayi ake anaimirira pakati pa phunziro, namuyang'ana, n'kunena mokweza m'Chichewa chosabisa: "Faness, mwana wanga, ndalankhulatu. Wamva kapena sunamve?"

Faness anakhala kaye ngati wamera mizu. Kenaka anadzuka, nadutsa pakati pa anzake, nagwada pamaso pa mayi ake, naomba m'manja, n'kupereka chigobacho ndi manja awiri, misozi ili chuchuchu.

"Usandipatse m'manja," anatero a Marita, akuweramitsa mutu. "Undiveke ngati mmene umavekera anzako."

Anawaveka. Masana amenewo a Marita anasesa kalasi yonse, fumbi lili kobo, akuimba nyimbo ya kwaya.

Kuyambira pamenepo ana analimba mtima. Ankagwada ndithu, ankaomba m'manja ndithu, koma chigoba ankapereka. Ndipo chinawakonda mayiwa! Pa sabata ankasesa katatu, mwina kanayi. A Damiano ankawaseka kunyumba kuti, "Kumunda tenanti, kusukulu tenanti, inu mudzapuma liti?" Koma a Marita ankapitirizabe. Ankalankhula Chingerezi ndi mbande za fodya ku nazale, ndi nkhuku, ndi mtondo pokonola. Funso likawabwerera m'kalasi ankaligwira kaye pakamwa, n'kulisakira mawu mpaka thukuta, chifukwa kusafunsa sakanatha.

Tsiku la mayeso linawapeza chigoba chili m'khosi. Ahedi anabwera okha n'kuima pakhomo, manja kumbuyo. Dzina lawo litaitanidwa, a Marita anapita kutsogolo. Anayamba ndi dzina lawo ndi la mudzi wawo. Anafotokoza za phiri la Michesi, za lole imene inawabweretsa atakhalira mtolo wa ziwiya, za tsiku limene anabwezedwa kusukulu ali mtsikana chifukwa cha fizi. Pena ankaima, n'kugwira chigoba chija, mawu n'kubwera. Chinali Chingerezi chopunduka, koma chinayenda mpaka kukafika, osagwera m'Chichewa ngakhale liwu limodzi.

A Chikuse anayang'ana ahedi. Ahedi anagwedeza mutu n'kunena kuti mayiwa teremu yamawa abwere.

Apo Faness anadziiwala. Anadumpha pa njerwa imene ankakhalira n'kukuwa kuti kalasi yonse imve: "Amenewo ndi amayi anga! Mwawamva? Ndi amayi anga amenewo!"

Anakuwa m'Chichewa. A Marita anayenda pang'onopang'ono mpaka ku ngodya kuja, maso atadzaza misozi, navula chigoba n'kumuveka mwana wawo m'khosi. Belu loweruka linalira asanakhale n'komwe pansi.

Faness anasesa kalasi tsiku limenelo. Mayi ake anamudikira pakhomo, ndipo kunyumba anapita limodzi.